Kusankha ng'anjo yotenthetsera nyumba: physics ya Fomu 3 pa −16°C

Kachipangizo kanayamba kulira cha m'ma 2 koloko usiku, Lachiwiri lina mu Januwale. Ndi kanthu koyera, kakukula ngati sopo wosambira, komwe tinakamata pakhoma pafupi ndi chipinda cha ana. Kamalira kanayi motsatizana, kenako zii, kenako kanayi kenanso. Mayi akunyumba anandigwedeza paphewa.

"Bambo a Tadala, dzukani. Kakulirako si ka utsi ayi, ndi kaja ka carbon monoxide."

M'nyumba munalibe utsi, munalibe fungo lililonse. Kungoti mutu unkandiwawa pang'ono, ndipo madzulo ake ndinangoti mwina ndi kutopa. Tinadzutsa ana, kuwafunditsa mabulangete, n'kuthawira kwa aneba. Ozimitsa moto atabwera anayeza mpweya ndi kutsegula mawindo onse. Munthu wa kampani ya gasi anatsikira m'chipinda chapansi pa nthaka, kumene kumakhala ng'anjo yotenthetsera nyumba, anatseka gasi, n'kumangirira kapepala kofiira pa ng'anjoyo. Tanthauzo la kapepalako ndi limodzi basi: musayatsenso.

Ndisanabwere kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndinaphunzitsa Physical Science zaka 7 pasekondale ina ku Dedza. Funso lomwe ophunzira ankalikonda linali lakuti, "Sala, zimenezi tidzazigwiritsa ntchito kuti?" Sabata imeneyo ndinayenera kugula ng'anjo yatsopano ndi kusankha munthu woti ayiike, ndipo chomwe chinandithandiza si china koma mitu yomwe inuyo mukuphunzira panopa: heat transfer, combustion, latent heat ndi efficiency. Tiyeni tiyende limodzi, muone momwe zinalumikizirana.

Bwanji osangofunda mabulangete?

Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni ndimakudziwa, kumaluma. Koma kuno ndi nkhani ina. Mu Januwale madzi amauma panja usana ndi usiku kwa masiku ambiri, ndipo mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan imabweretsa chipale chofewa chochita kukwirira magalimoto. Kumapeto kwa Januwale 2019, ku Chicago, mzinda womwe suli kutali ndi kuno, kunazizira mpaka kufika cha m'ma −30°C.

Munthu akhoza kufunda, koma mapaipi a madzi safunda. Mukukumbukira kuti madzi ndi achilendo? Zinthu zambiri zikamazizira zimachepa, koma madzi akauma n'kukhala ayezi amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti. Akaumira m'paipi yotsekeka, paipiyo imang'ambika, ndipo tsiku lomwe kwafunda nyumba yonse imasanduka dambo. Choncho nyumba yopanda moto m'nyengo yozizira si nkhani ya kusowa mtendere chabe. Mukachedwa masiku angapo, mutha kuwonongetsa nyumba. Ifeyo tinabwereka mahita awiri amagetsi, tinasiya mipopi ikudontha pang'ono kuti madzi asaime, ana n'kukagona kwa anzathu akutchalitchi. Nthawi inali yochepa, ndipo munthu wothamanga ndi amene amabereka mosavuta.

Ng'anjo imeneyi imagwira bwanji ntchito?

Mukamva mawu oti ng'anjo mwina mukuganiza zootchera njerwa. Iyi ndi ina. Kuno amaitcha furnace, ndipo ndi bokosi lachitsulo lotalika kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu kapena kuposerapo pang'ono. Ganizo lotenthetsa nyumba yonse ndi moto umodzi ndi lakale. Aroma ankasonkha moto kuti mpweya wotentha udutse pansi pa zipinda zawo. Mu 1919 mayi wina wachikuda wa ku New Jersey, Alice H. Parker, analembetsa ku boma pulani ya ng'anjo ya gasi yotumiza mpweya wofunda m'zipinda zosiyanasiyana.

Ng'anjo zambiri kuno zimayaka ndi gasi wachilengedwe, wobwera m'mapaipi apansi ngati momwe madzi amabwerera. Gasi ameneyu mbali yake yaikulu ndi methane. Akapsa bwino, equation yake ndi yomwe ija ya m'kalasi:

CH₄ + 2O₂ → CO₂ + 2H₂O + kutentha

Ntchito imayambira pa thermostat, kachipangizo ka pakhoma komwe mumakauza kuti mukufuna nyumba ikhale pa 21°C. Ma thermostat akale ankagwiritsa ntchito bimetallic strip, zitsulo ziwiri zomatikizana zomwe zimapindika chifukwa chimodzi chimafutukuka kuposa chinzake. Inde, yomwe ija mumajambula pamayeso. Nyumba ikazizira, thermostat imalumikiza magetsi. Kafani kakang'ono kamayamba kukoka mpweya, kachitsulo koyatsira kamafiira, gasi amatseguka, moto n'kuyaka.

Tsopano apa tcherani khutu, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Moto ndi utsi wake zimadutsa mkati mwa mapaipi achitsulo otchedwa heat exchanger, kenako utsi umatulukira panja. Mpweya wa m'nyumba umakankhidwa ndi fani yaikulu kudutsa kunja kwa mapaipi omwewo. Umatentha, n'kupita m'zipinda kudzera m'ngalande za malata zobisika pansi ndi m'makoma. Mipweya iwiriyi siyenera kukumana ngakhale pang'ono. Zili ngati poto pamoto: chitsulo chimalola kutentha kudutsa kukafika kuphala, koma sichilola mwaye kulowa. Ng'anjo yathu chitsulo chimenechi chinali chitang'ambika. Mphepo ya fani yaikulu inkasokoneza moto, motowo sunkapsa bwino, ndipo zotsalira zake zinkalowa mumpweya womwe ana anga ankapuma.

Kumbukirani Bunsen burner ya mu labu. Mukatsegula kabowo ka mpweya, lawi limakhala labuluu, lotentha, losadetsa. Mukatseka, limasanduka lachikasu, lamwaye. Okosijeni akachepa, kaboni sapsa mpaka kufika pa CO₂, amathera panjira n'kukhala CO, carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe mtundu, ulibe fungo. Ukalowa m'magazi umamatirira pa haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200, ndiye magazi amazungulira m'thupi koma osanyamula okosijeni wokwanira.

Wina anena kuti, "Koma gasi amanunkha, Sala." Zoona, koma fungo limenelo amachita kuthiramo. Methane payekha sanunkha. Pa 18 Malichi 1937 gasi wotayika anaphulitsa sukulu ku New London, m'chigawo cha Texas, ndipo anthu pafupifupi 300 anafa, ambiri mwa iwo ana asukulu. Palibe amene anamva fungo. Ngoziyi itachitika, anakhazikitsa lamulo loti gasi azithiridwa mankhwala onunkha ngati dzira lovunda. Fungo limeneli limakuchenjezani za gasi amene sanapse. Za carbon monoxide silikuuzani kanthu. N'chifukwa chake kachipangizo koyera kaja kali kofunika.

Amisiri atatu

Ng'anjo yoteroyo simungaigule m'sitolo n'kuilumikiza nokha ngati wailesi. Pamafunika kontirakitala, mmisiri wovomerezeka wodziwa za gasi, magetsi ndi ngalande za mpweya. Kuno amalangiza kufunsa mitengo kwa amisiri osachepera atatu, ndipo ndinatero.

Woyamba anafika m'mawa womwewo, galimoto yowala, yunifomu yosita bwino. Anatsikira pansi, anawerenga kachitsulo kolembedwa pa ng'anjo yakale, n'kubwerera. Sanathe mphindi 10. "Yakaleyi ndi ya 100,000," anatero. "Ndikuikirani ya 120,000, simudzamvanso kuzizira. Mukasaina lero ndikuchotserani mtengo."

Wachiwiri sanabwere n'komwe. Anangondifunsa pafoni kukula kwa nyumba, n'kutchula mtengo wotsika kwambiri. Anati ndimulipire ndalama pamanja, ndipo za chilolezo cha ku khonsolo tisavutike nazo, zimangochedwetsa.

Wachitatu anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Anabwera ndi tepi yoyezera, tochi ndi kakompyuta kam'manja. Anayeza chipinda chilichonse ndi windo lililonse. Anakwera kudenga kukaona kuchindikala kwa zotchingira kutentha. Anafunsa chaka chomwe nyumba inamangidwa, anayang'ana mbali yomwe mawindo aakulu aloza, anayeza ngakhale kukula kwa ngalande za mpweya. Anatha pafupifupi maola awiri, n'kunena kuti mtengo anditumizira madzulo akamaliza masamu.

Ndisaname, mtima wanga unali pa woyamba uja. Ana akugona pabalaza pa eni ake, munthu akukulonjeza ng'anjo yaikulu mawa lomwe, ungafunenso chiyani? Ndinagwira cholembera. Mayi akunyumba ndi amene anandiletsa.

"Inu simunali mphunzitsi wa sayansi kodi? Munthu sanayeze kanthu, nambalayo waitenga kuti? Kuthamanga si kufika, dikirani madzulo."

Nyumba ili ngati ndowa yobooka

Choyamba timvetse manambala aja. Kuno mphamvu ya kutentha amaiyeza mu BTU. BTU imodzi ndi pafupifupi 1,055 J. Akati ng'anjo ndi ya 100,000, akutanthauza kuti imatentha gasi wa 100,000 BTU pa ola limodzi. Kuti musinthe kupita ku mayuniti omwe mwazolowera, kumbukirani kuti 1 kW ndi pafupifupi 3,412 BTU pa ola.

Funso lenileni nali: kodi nyumba imafuna kutentha kochuluka bwanji? Taganizani ndowa yobooka pansi yomwe mukufuna kuti madzi ake azikhala pamlingo umodzi. Simufunsa kuti ndowayo ndi yaikulu bwanji. Mumafunsa kuti ikudontha mofulumira bwanji, chifukwa madzi omwe muyenera kuthiramo ndi ofanana ndi omwe akutayika. Nyumba ndi chimodzimodzi. Kutentha kumayenda kuchoka pofunda kupita pozizira nthawi zonse. Kumadutsa m'makoma, m'denga ndi m'magalasi mwa conduction. Kumathawa limodzi ndi mpweya wofunda wotuluka m'ming'alu ya zitseko, mpweya wozizira n'kulowa m'malo mwake, yomwe ndi convection. Kwina kumachoka mwa radiation. Ntchito ya ng'anjo ndi kubwezera zomwe zatayikazo, basi.

Pa khoma kapena windo lililonse, kutentha kotayika timakupeza motere:

Q = U × A × ΔT

A ndi kukula kwa malowo mu m². ΔT ndi kusiyana kwa temperature ya mkati ndi ya panja. U ndi nambala yosonyeza momwe chinthucho chimadutsitsira kutentha mosavuta. U ikakhala yaikulu, chinthucho ndi chobooka kwambiri.

Pa temperature ya panja, amisiri satenga tsiku lozizira koposa m'mbiri yonse. Amatenga nambala ya m'matebulo a zanyengo, yomwe kuzizira kumaipitirira maola ochepa okha pachaka. Kwathu kuno ndi pafupifupi −16°C. Mkati tikufuna 21°C. Ndiye ΔT = 21 − (−16) = 37. Samalani ndi minus ameneyo, ambiri amagwera pomwepo n'kulemba 5.

Tiyeni titenge windo la 2 m². La galasi limodzi, U yake ndi pafupifupi 5.8, choncho Q = 5.8 × 2 × 37, pafupifupi 429 W. La magalasi awiri okhala ndi mpweya pakati, U imatsika kufika cha m'ma 2.8, ndipo Q ndi pafupifupi 207 W. Mwaona? Kampweya kotsekeredwa pakati pa magalasi kachepetsa kutayika ndi theka, chifukwa mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha bwino. Ndi chifukwa chomwecho bulangete limafunditsa: si ulusi wake kwenikweni, koma mpweya wokodwa mu ulusimo. Khoma lotchingidwa bwino la 2 m² lomwelo, U yake itakhala 0.5, limataya 37 W yokha.

Mukachita masamu amenewa pa khoma lililonse, windo lililonse, denga, pansi, n'kuwonjezera mpweya wolowera m'ming'alu, mumapeza kutayika kwa nyumba yonse. Ku America njira imeneyi ili m'buku la amisiri lotchedwa Manual J, lofalitsidwa ndi bungwe la Air Conditioning Contractors of America. Izi ndi zomwe bambo achikulire aja ankachita ndi tepi yawo.

Madzulo pepala lawo linafika. Nyumba yathu, pa tsiku lozizira la −16°C, imataya pafupifupi 42,000 BTU pa ola. Gawani ndi 3,412, mupeza 12.3 kW, ngati maketulo amagetsi 6 a 2 kW oyaka nthawi imodzi. Ng'anjo yakale inkatentha gasi wa 100,000, ndipo 80,000 ndi imene inkalowa m'nyumba. Inali kale yaikulu pafupifupi kawiri kuposa zofunika. Mnyamata wa yunifomu uja ankafuna kundiikira yaikulu kuposa pamenepo.

Nanga yaikulu yalakwa chiyani?

Ambiri timaganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Koma yesani kuphika kapu imodzi ya phala la mwana pa moto wophikira nsima ya pamaliro. Mungamangoika poto, kuchotsa, kuika, kuchotsa, ndipo phalalo lipserera pansi pamwamba pasanapse.

Ng'anjo yaikulu mopitirira imachita zomwezo. Imayaka mwaukali, mpweya wa pafupi ndi thermostat umafunda m'mphindi zochepa, ng'anjo n'kuzima zipinda zakutali zisanafunde. Pakapita kanthawi yayakanso. Amisiri amati short cycling. Zotsatira zake ndi zitatu. Choyamba, nyumba simafunda mofanana: pabalaza thukuta, kuchipinda kwa ana kuli zii. Ifeyo tinkangoti ndi momwe nyumbayi ilili. Chachiwiri, gasi amawonongeka, chifukwa nthawi iliyonse ikayaka imayamba yatenthetsa chitsulo chozizira.

Chachitatu ndi chomwe chinandiopsa. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera. Tengani waya, mumupinde uku ndi uku kambirimbiri pamalo amodzi. Amathyoka, eti? Heat exchanger yomwe ikutentha ndi kuzizira maulendo ochuluka patsiku, kwa zaka ndi zaka, imatopa chimodzimodzi. Vuto limakula ngati ngalande za mpweya zili zazing'ono poyerekeza ndi ng'anjo, kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, chifukwa mpweya wochotsa kutentha pachitsulo umachepa ndipo chitsulocho chimatentha mopyola. Bambo aja anandionetsa ndi tochi mng'alu womwe unatsala pang'ono kutipweteka, n'kunena kuti ngalande za m'nyumba yathu sizinapangidwire ng'anjo ya 100,000.

80 kapena 96?

Titadziwa kukula koyenera, panatsala kusankha mtundu. Ng'anjo iliyonse imakhala ndi nambala yotchedwa AFUE, yomwe ndi efficiency yake pa chaka chonse. Formula ndi yomwe ija: mphamvu yothandiza kugawa ndi mphamvu yonse yolowa, kuchulukitsa ndi 100. Ng'anjo ya 80 peresenti, pa ndalama 100 zilizonse za gasi, 80 zimafunditsa nyumba, 20 zimatulukira kuchumuni. Zilipo zina zofika 90 mpaka 98 peresenti. Kodi zimatha bwanji?

Bwererani ku equation ija. Kumanja kuli 2H₂O. Moto wa methane umapanga madzi, koma ali ngati nthunzi. Molar mass ya methane ndi 16, ya mamolekyu awiri a madzi ndi 36. Choncho 1 kg ya methane imapanga 36 ÷ 16 = 2.25 kg ya nthunzi. Ndipo mukudziwa kuti nthunzi ikasanduka madzi imatulutsa latent heat, pafupifupi 2,260 kJ pa kg iliyonse. Chulukitsani: 2.25 × 2,260 ndi pafupifupi 5,000 kJ. Mphamvu yonse ya 1 kg ya methane ndi pafupifupi 55,000 kJ. Ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya gasi labisala mu nthunzi.

Ng'anjo ya 80 imataya nthunzi imeneyi pamodzi ndi utsi wotentha. Ya 96 ili ndi heat exchanger yachiwiri, yomwe imaziziritsa utsi mpaka nthunzi itasanduka madzi, n'kulanda kutentha kobisika kuja. N'chifukwa chake amaitcha condensing furnace. Utsi wake umatuluka wofunda chabe, moti umadutsa m'paipi ya pulasitiki osati m'chumuni cha njerwa. Madzi omwe amapangika amakhala ndi asidi pang'ono, ndipo amafuna kapaipi kake kotayira.

Ya 96 ndi yodula pogula. Ndiye ndinakhala pansi ndi kope. Gasi wotenthetsera nyumba tinkalipira pafupifupi madola 900 pachaka. Kutentha kofanana, pa ng'anjo ya 96, kungadye 900 × 80 ÷ 96 = madola 750. Ndiye kuti tikupulumutsa 150 pachaka. Kusiyana kwa mitengo ya ng'anjo ziwirizo kunali pafupifupi madola 1,200. Gawani 1,200 ndi 150, mupeza zaka 8. Ng'anjo yosamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20, choncho ndalamayo ibwerera ndi phindu. Koma onani bwino: kudera lofunda, komwe ng'anjo imayaka miyezi iwiri yokha, masamu omwewa angapereke yankho lina. Yankho silili pa chikwangwani cha malonda, lili mu manambala a nyumba yanu ndi nyengo yanu.

Tinasankha ya 60,000 BTU pa 96 peresenti. 60,000 × 0.96 = 57,600, yokwanira kubwezera 42,000 ija n'kutsalako ina yodikira masiku ozizira modabwitsa.

Mmisiri amaposa dzina la pa bokosi

Anthu amakangana kwambiri za makampani opanga ng'anjo, koma chomwe ndinaphunzira n'chakuti ng'anjo yabwino yoikidwa molakwika ndi ng'anjo yoipa. Safunsa anadya phula, ndiye ndinafunsa mafunso awa ndisanasaine.

Kodi muli ndi laisensi ndi inshuwalansi? Ndinapempha kuona mapepala, osangomva pakamwa. Wantchito akavulala m'nyumba mwanu, kapena akabowola paipi ya madzi, inshuwalansi ndi imene imalipira.

Kodi mutenga chilolezo ku khonsolo? Chilolezo chimatanthauza kuti woyendera wa boma, amene sadya nawo ndalama ya ntchitoyo, adzabwera kudzaona. Mmisiri wothawa chilolezo akuthawa diso lachiwiri. Apa ndi pamene wapafoni uja anagwera.

Kodi nambala ya kukula kwa ng'anjo mwaipeza bwanji? Ngati yankho ndi "ndangoona yakale" kapena "ndazolowera", ameneyo akulosera. Apa anagwera woyamba.

Kodi zonse zilembedwa? Pepala la mgwirizano lizitchula mtundu ndi nambala ya ng'anjo, ntchito yonse yomwe ichitike, mtengo wonse, tsiku, ndi zaka zomwe adzakonze mwaulere ikawonongeka. Musalipire ndalama zonse ntchito isanathe. Ndipo munthu akamakukakamizani kuti "saina lero lomwe", dziwani kuti sakufuna mupeze nthawi yoganiza.

Pepala la bambo achikulire aja linali ndi mzere wina womwe ena awiri aja sanautchule. Ng'anjo yakale inkagawana chumuni ndi thanki yotenthetsera madzi osamba, yomwe nayo imayaka ndi gasi. Chumuni chimakoka utsi chifukwa mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera. Ng'anjo ikachoka pa chumunipo, kamoto ka thanki kokha sikangatenthetse chumuni chachikulu chozizira, ndipo utsi ukhoza kubwerera m'nyumba. Anati ayenera kulowetsa paipi yopapatiza yachitsulo mkati mwa chumunicho. Convection yomwe ija. Akanapanda kuiganizira, tikanachotsa gwero limodzi la carbon monoxide n'kudzipangira lina.

Tsiku loika

Anabwera awiri, Lachisanu m'mawa, ndipo ndinapempha kuti ndizionerera. Anaboola khoma n'kutulutsa mapaipi awiri apulasitiki, ina yokokera mpweya wa panja kupita kumoto, ina yotulutsira utsi. Anawaika motsetsereka pang'ono kubwerera ku ng'anjo kuti madzi asadikhe mkati, ndipo kunja anawakweza kuti chipale chisawatseke. Polumikiza paipi ya gasi anapaka madzi a sopo pa mfundo iliyonse n'kumayang'ana thovu, ndendende momwe amapezera pobooka pa chubu cha njinga.

Atayatsa sanangoti "yayaka, tapita". Anayeza mphamvu yomwe gasi akulowera. Analowetsa kachipangizo m'paipi ya utsi kuyeza okosijeni ndi carbon monoxide. Anayeza temperature ya mpweya wolowa mu ng'anjo ndi wotuluka, n'kufananiza kusiyanako ndi manambala omwe opanga analemba pa kachitsulo. Zonse analemba papepala n'kundisiyira. Ndi practical yeniyeni: yeza, lemba, fananiza. Anandionetsanso posinthira sefa, n'kundiuza kuti ndiziyiyang'ana mwezi uliwonse m'nyengo yozizira. Sabata yotsatira woyendera wa khonsolo anabwera, anaona zonse, n'kusaina.

Ng'anjo yatsopanoyi imayaka nthawi yaitali koma mwakachetechete, ndipo chipinda cha ana chinasiya kuzizira. Panja, pa paipi ija, pamatuluka kamtambo koyera. Tadala anandifunsa ngati ndi utsi. Ndinamuuza kuti mbali yaikulu ya choyeracho ndi timadontho ta madzi, ngati tomwe timatuluka m'kamwa mwake m'mawa wozizira.

Mbaula ndi ng'anjo yopanda chumuni

Mwina mukuti, "Ife kuno ng'anjo zoterezi tilibe." Zoona. Koma carbon monoxide yemwe anatidzutsa usiku uja ndi yemweyo amene amatuluka pa mbaula. Makala ndi kaboni pafupifupi yekhayekha. M'chipinda chotseka zitseko ndi mawindo, okosijeni amachepa ndipo CO amachulukana. Makala ofiira bwino, osafuka utsi, ndi amene amapusitsa anthu, chifukwa amaoneka ngati atha kuopsa pamene akutulutsabe mpweya woipawo. Kusiyana n'kwakuti ng'anjo ili ndi chitsulo cholekanitsa moto ndi mpweya wopuma, ili ndi paipi yotulutsira utsi panja, ndipo pakhoma pali kachipangizo kolira. Mbaula ilibe chilichonse mwa zitatuzi.

Juni ndi Julayi akafika, inu amene mumachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu, musagone ndi mbaula m'chipinda, ngakhale kuzizire bwanji. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti ndi malungo akuyamba. Ngati anthu angapo m'chipinda chimodzi ayamba kumva chimodzimodzi pali moto wa makala, tulukani panja nthawi yomweyo, tsegulani zitseko, ndipo amene wafooka kapena wakomoka mupite naye kuchipatala msanga. Munthu amene ali mtulo samva zizindikiro zimenezi. Amangopitirira.

Yesani izi

1. Khoma la 12 m² lili ndi U ya 0.5. Mkati muli 20°C, panja −10°C. Pezani kutentha kotayika mu W.

2. Ng'anjo ya 80,000 BTU pa ola ili ndi AFUE ya 95 peresenti. Ndi kutentha kochuluka bwanji komwe kumalowa m'nyumba pa ola? Sinthani yankho lanu likhale mu kW.

3. Banja lina limalipira madola 600 pachaka pa ng'anjo ya 80 peresenti. Likagula ya 96 peresenti, yodula ndi madola 1,200 kuposa inzake, papita zaka zingati kuti ndalamayo ibwerere? Mungawalangize chiyani?

4. Lembani balanced equation ya methane ikapsa n'kupanga carbon monoxide ndi madzi. Fananizani kuchuluka kwa okosijeni ndi equation yoyamba ija.

5. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chake utsi wa condensing furnace ukhoza kudutsa m'paipi ya pulasitiki.

Funso lachinayi mukalimaliza, kafotokozereni aliyense kwanu amene amalowetsa mbaula m'nyumba usiku.